Makina a M'chipinda Chopanda Chitseko

Sajeni, wapolisi wamkazi, anafika pa ploti ina dzuwa lili paliwombo, mapazi akumuwawa m'nsapato za boma. Zipinda za lendi zinali zisanu ndi zitatu, zondondozana ngati mabogi a sitima, chilichonse ndi nambala yake ya penti wofiira. Zisanu ndi ziwiri zinali ndi zitseko. Nambala faifi inali yasaa, pafelemu patangotsala mabowo a masikulu ndi fumbi la thabwa.

Pa zaka makumi awiri za upolisi, milandu ya eni nyumba ndi alendi, anthu okhala pa lendi, ndi imene Sajeni sankaikonda. Wakuba nkhuku umadziwa pomugwira. Koma pa nkhani ya lendi aliyense amakhala wolakwa pang'ono, wolondola pang'ono, ndipo onse amalankhulira pamodzi.

Wodandaula anali telala, mayi wachitsikana, atakhala pampando pakati pa chipinda, manja ali pamiyendo. Kulira anali atamaliza. Patsogolo pake panali tebulo la makina osokera, chopondera chake chilipo, gudumu lalikulu lilipo, koma pamwamba pali bowo lokhalokha pamene pamakhala mutu wa makina.

"Munachoka nthawi yanji?" anafunsa Sajeni.

"Hafu seveni. Ndinapita kukagula mabatani, kenako kusukulu kukawauza aphunzitsi aakulu kuti Lachisanu ndibweretsa. Ndabwerako cha m'ma hafu leveni, ndapeza chitseko palibe, makina palibe."

"Lachisanu mubweretsa chiyani?"

"Mayunifolomu folote. Ndasoka eyitini. Akandilipira ndiye ndilipire lendi, ndinawauza eni nyumba, ndinawagwadira ndithu. Mwana wanga anagona m'chipatala milungu isanu, ndalama zonse zinathera kumeneko. Lero n'Lachiwiri, bwana. Popanda makina, Lachisanu kulibe. Lachisanu likapanda, ine ndi mwana tili pamsewu."

"Lendi yatsala ya miyezi ingati?"

"Itatu."

Sajeni anawerama n'kuyang'anitsitsa tebulo lija. Lamba wa makina sanadulidwe. Anali atavulidwa pagudumu, n'kupindidwa, n'kupachikidwa pakamsomali ka m'mbali. Timasikulu tiwiri togwira mutu wa makina tinali titaikidwa m'kadilowa, pamodzi ndi choko. Malaya a ana asukulu anali pabedi, opindidwa bwino, ndiponso wina anali atawafunditsa nsalu kuti asagwere fumbi.

"Munawafunditsa ndinu?"

Telala anayang'ana pabedipo ngati akuliona koyamba. "Ayi."

Sajeni analemba m'kabuku kake kuti wakubayo anali waukhondo. Akuba amene iye ankawadziwa amadula lamba ndi mpeni, tebulo n'kuliswa, mwinanso n'kutengako ndi wailesi. Wailesi inali pomwepo pazenera.

* * *

Mwini ploti alendi ankamutchula kuti a Zitseko, ndipo mwiniwake dzinalo ankalidziwa, ankalinyadiranso. Anali bambo wamfupi, wamimba, wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi. Anamulandirira Sajeni pakhonde la nyumba yawo yaikulu, imene inali kumapeto kwa mzere wa zipinda uja. Anavala buluku la khaki lokalamba, lazigamba m'mawondo, ndipo m'chiuno munkalendewera mpukutu wa makiyi womangirira ndi waya pakalupu ka bulukulo.

"Chitseko ndagulula ndine, sindikana," anatero asanafunsidwe n'komwe. "Eyiti koloko, ndi sikuludiraiva yanga, chitseko changa, pa nyumba yanga. Ine, mayi, ndili ndi dongosolo. Mwezi woyamba munthu akapanda kulipira, ndimalowetsa kalata pansi pa chitseko. Mwezi wachiwiri ndimachotsa babu. Wachitatu, chitseko. Akagona masiku atatu udzudzu ukumuimbira nyimbo, ndalama imapezeka. Ikapanda kupezeka ndimatenga katundu wa chikole, iye n'kuona msewu. Zaka makumi atatu ndi zisanu, dongosolo limeneli silinandigwiritsepo mwala."

"Kukhothi munapitako?"

"Kukhothi? Kukhothi amakupatsa tsiku, tsikulo n'kubala tsiku lina. Nyumba izi ndinamanga ndi thukuta langa, mayi. Mabilu a madzi amabwera m'dzina langa. Misonkho ya ploti, dzina langa. Denga likadontha amagogoda kwa ine, koma mwezi ukatha aliyense ali ndi maliro kumudzi. Wina wa nambala thu anaika agogo ake m'manda katatu. Ine ndidye chifundo?"

Sajeni sanatsutse. Mbali ina bambowo ankanena zoona, ndipo n'zimene zinkamutopetsa pa milandu yotere.

"Chitsekocho chili kuti?"

"M'chipinda cha katundu, uko pafupi ndi mpopi. Ndakhoma ndi loko. Mpopinso ndaukhoma m'mawa womwewo, aphunzire kuti madzi si mvula."

"Kiyi wa chipindacho ali ndi ndani?"

A Zitseko anagwedeza chiuno, makiyi n'kuchita ngwerengwere. "Awa sachoka pathupi panga. Ngakhale mayi a pakhomo pano sawagwira."

Mayi a pakhomowo anatulukira nthawi yomweyo ndi thireyi ya makapu awiri a madzi. Anali mayi wamtali, woonda, wa imvi za m'mbali, woyenda ngati akuopa kudzutsa munthu. Anagwada pang'ono, n'kupereka kapu kwa Sajeni ndi manja awiri, n'kubwerera m'nyumba osanena kanthu kupatula moni.

"Mutagulula chitseko munapita kuti?" anafunsa Sajeni.

"Kuchipatala, kukayezetsa BP. Ndachoka hafu naini, ndabwerako leveni. Alendi awa ndi amene akundikweza BP."

"Makina munawaona?"

"Ndinawasiya ali pomwepo, ndi kamalaya kali pansi pa singano. Tsiku lawo linali lisanakwane." Anatsitsa mawu. "Musavutike, mayi. Pitani nambala sikisi. Muli mlonda wina wake, amagwira usiku, masana amakhala yekha pa ploti pano. Naye ali ndi miyezi iwiri, babu ndinachotsa kale. Munthu wa ngongole, khoma limodzi ndi makina opanda chitseko. Mukufunanso chiyani?"

"Pa ploti pano, kupatula telalayu, alipo wina wodziwa kusoka?"

A Zitseko anaganiza ndithu, maso ali kudenga, akuwerenga zipinda ndi zala.

"Palibe," anatero.

* * *

Mlonda anatsegula pa kugogoda kwachitatu, atafunda bulangete kutentha konseko, diso limodzi likadali m'tulo. Ataona yunifolomu ya Sajeni, diso linalo linatseguka lokha.

"Secheni, bwana," anatero akudzipanikiza kukhoma. "Secheni paliponse. Mukapeza makina mundigawireko, chifukwa ine m'nyumba muno ndili ndi mphasa, ndowa ndi njala."

Kusecha kwake sikunatenge mphindi ziwiri. Pansi pa mphasa panali simenti.

"Mwamva chiyani m'mawa uno?"

"Ine ndimaweruka sikisi, seveni ndagona. Eyiti, a Zitseko ayamba zawo zija, kwii, kwii, sikulu imodzi mphindi teni, akuimbanso nyimbo ya kutchalitchi. Ndinati chabwino, lero n'kwa aneba, mawa n'kwanga. Ndagonanso. Kenako makina andidzutsa."

"Makina?"

"Kusoka, bwana. Khoma ili n'lopyapyala ngati chikwama changa. Mlongo wathuyu akamasoka ine ndimamva mpaka m'mano."

"Inali nthawi yanji?"

"Teni itangokwana, chifukwa belu la buleki kusukulu uko linali litangolira. Ndinati kodi mayiyu mtima wake ndi wotani, chitseko achotsa, iye akusokabe? Koma sanasoke nthawi. Kamzere kamodzi basi. Ndiponso…" Anakanda m'mutu. "Kaya ndi tulo. Mlongo wathuyu amasoka ngati akuthamangitsidwa ndi galu, trrr, kuima, trrr, kuima. Uyu anasoka mofatsa, osaima, ngati munthu akuyenda pamsewu wakwawo. Pomaliza anabwerera m'mbuyo pang'ono, tiki tiki tiki. Zii."

"Kenako?"

"Kenako patapata. Pang'onopang'ono, ngati munthu wanyamula cholemera. Ine n'kugona. Bwana, ine ndimalonda katundu wa anthu usiku wonse, masana ndilondenso wa aneba ulere?"

Sajeni anabwerera ku nambala faifi. Teni koloko telala anali kusukulu, ndipo aphunzitsi aakulu akanatha kuchitira umboni. Anamufunsa ngati anasiya kanthu pamakina pochoka.

"Malaya amodzi. Kolala ndinaisiya pakati, singano ili m'nsalu, chifukwa ndinaona kuti ndichedwa."

"Apezeni."

Telala anavundukula nsalu ija pabedi. Malayawo anali pamwamba pa anzake, opindidwa manja m'kati. Anawatambasula, n'kuyendetsa chala pakolala, ndipo chala chitafika pakati chinaima.

"Apa ndi pamene ndinalekezera ine," anatero. "Kuyambira apa si ine." Anawayandikitsa kumaso, n'kuwatembenuza kunsi. Msoko unapitirira mowongoka mpaka pakona, n'kukhota bwinobwino popanda khwinya, n'kukhomedwa kumapeto, ulusi n'kudulidwa mofupika. Nkhope ya telala inasintha, mantha n'kusakanikirana ndi kansanje ka ntchito. "Bwana, kona iyi ine imandivuta mpaka lero. Amene wasoka apa amandiposa."

* * *

Ploti yonse inali mu mpanda wa njerwa wokhala ndi mabotolo osweka pamwamba, ndipo polowera panali pamodzi. Pageti pomwepo, pansi pa ambulera yong'ambika, pankakhala mayi wogulitsa tomato. Mayi ameneyu Sajeni sanachite kumufunsa. Anali akudikira nthawi yake kuyambira muja, mawu atamudzadza m'masaya.

"Ndimati mundidutsa, bwana! Ine pano ndimafika sikisi, ndimachoka sikisi. Ntchentche ikalowa pageti apa ndimaidziwa ndi dzina. Makina sanatuluke pano, ndikulumbira pali ana anga."

"Anatuluka ndani?"

"Ana asukulu, a nambala wani ndi a nambala thu kupita kuntchito, aja a nambala seveni ndi njinga yawo yopanda mabuleki, telala, kenako a Zitseko eniake. Onse manja lende. A Zitseko ndiye anatchena, ee! Suti yakuda ija amapita nayo ku maukwati, nsapato zonyezimira, mafuta onunkhira mpaka tomato wanga anayetsemula."

"Suti? Osati buluku la khaki?"

"La zigamba lija? Ayi, limenelo avalanso atabwerako. Suti salola kuti ikhale pampando wa pakhonde."

"Anati akupita kuchipatala."

"Kuchipatala n'kumanzere, bwana. Iwo anakhotera kumanja, kumsika. Kapena BP masiku ano akuyeza kumsika, ine sindidziwa, sukulu ndinalekera panjira."

"Analowa mlendo aliyense?"

"Ngakhale galu."

"Nanga m'katimo, munaona munthu akuyenda cha m'ma teni?"

"Munalibe munthu. Mayi a pakhomo okha ndi beseni lawo la zochapa, kupita kumpopi." Anaima, n'kuyamba kusanja tomato amene anali wosanja kale. "Mayi aja ndi munthu wa Mulungu, bwana. Zaka zonsezi sindinawamvepo akukweza mawu."

"Beseni analisenza pamutu?"

"Analikumbatira pamimba. Msana, mwina. Ukalamba."

"Pobwerera?"

"Linali m'dzanja limodzi." Mayi uja anatseka pakamwa mochedwa, ngati munthu amene wazindikira kuti wathira mchere kawiri.

Sajeni anayang'ana kumpopi. Loko wa a Zitseko anali lende pamenepo kuyambira eyiti koloko, pansi pali gwa, pouma. Pachingwe choyanikira panalibe ngakhale kansalu. Pafupi ndi mpopiwo panali chipinda cha katundu.

Asanasunthe phazi, njinga yamoto inaima pageti. Anatsika bambo wa jekete lachikopa, kumbuyo kwa njinga atamangirira katoni yopanda kanthu ndi zingwe za mphira.

"Pepani mayi," anatero kwa wa tomato, asanaone kuti pali wapolisi chifukwa cha ambulera. "A landilodi alipo? Anandipeza kushopu m'mawa. Ndabwera kudzaona makina osokera aja akugulitsa."

* * *

Anasonkhana onse pakhomo la chipinda cha katundu: a Zitseko, telala, mlonda ndi bulangete lake, ndi bambo wa jekete uja, wogula katundu wakale, amene tsopano ankangoyang'ana njinga yake ngati ingamuthawe. Wa tomato anasiya tomato kwa Mulungu n'kudzaima poti amve.

"Sindinaname kwenikweni," ankatero a Zitseko, thukuta lili kamukamu. "BP ndimayezetsa Lachinayi. Uyu ndinangomuitana kuti adzaone mtengo, kuti Lachisanu zikakanika tisachedwe. Kukonzekera si kuba."

"Lachisanu ndi tsiku limene mayiyu amalandira ndalama," anatero Sajeni.

"Onse amatero, mayi. Lachisanu la alendi silifika."

"Tsegulani."

"Muno? Muli zitseko zanga ndi malata akale. Ndakuuzani kuti makiyi sachoka pathupi panga."

"Sachoka pabuluku lanu. Kumsika munapita ndi suti."

A Zitseko anayang'ana waya wa m'chiuno mwawo nthawi yaitali. Kenako anapeza kiyi n'kutsegula.

M'katimo munkanunkha fumbi ndi mkodzo wa makoswe. Kukhoma kunali kutatsamira zitseko zinayi, chilichonse ndi nambala ya choko, zina za anthu amene anachoka kalekale. Cha nambala faifi chinali kutsogolo. Sajeni anachikokera pambali. Kuseri kwake, pansi pa shiti yoyera yamaluwa, pamwamba pa katoni yoyalidwa kuti chinyezi chisafike, panali mutu wa makina. Singano inali itatsitsidwa pa kachigamba, monga amachitira atelala poweruka.

Telala anagwada pansi n'kuwakumbatira makinawo ngati mwana wotayika.

"Wandiikira!" anakuwa a Zitseko, chala chili kwa mlonda. "Ameneyu wandiikira kuti ndimangidwe!"

"Ine kiyi ndimutenga kuti, bwana landilodi?" anatero mlonda. "Ine ngakhale babu ndilibe."

"Shiti iyi ndi ya ndani?" anafunsa Sajeni.

A Zitseko anaiyang'ana. Anali ataigonera zaka zambiri.

"Ndi yanga."

Mawuwo anachokera kumbuyo. Mayi a pakhomo anali ataima pafupi ndi mpopi, manja atagwirana kutsogolo. Sajeni anali ataona kale chala chawo chamkombaphala pamene ankapereka madzi: chikhadabo chake chinali chogawanika pakati, chilema chakale chimene singano ya makina imasiya ikalowa n'kutulukira kunsi. Anali ataonanso zigamba za pabuluku la khaki, zosokedwa pamanja koma zowongoka ngati za makina.

"Munawatenga ndinu, mayi?"

"Ndinawasuntha. Ndinamva bambo dzulo akufunsa mtengo pafoni. Chipinda chopanda chitseko sichisunga katundu, ndiye ndinawapititsa kumene kuli chitseko chake. Ndimati mwanayu akabwera ndimutsine khutu, koma anafika n'kuyamba kukuwa, bambo ali pakhonde, anthu n'kuthamangira kupolisi. Ndinachita mantha."

"Nanga kolala?"

Mayiwo anagwetsa nkhope, ndipo kwa nthawi yoyamba anaoneka ngati wogwidwa. "Singano inali m'nsalu. Ndikanaizula pakati, msoko ukanaonongeka. Ndinati ndingomalizitsa kamzereko." Anapuma. "Phazi linakumbukira lokha."

"Iwe?" anatero a Zitseko. Ulemu wa pagulu unali utawathawa. "Iwe makina unawadziwira kuti?"

Funso limeneli ndi limene linamupweteka Sajeni, iye amene ankadziyesa kuti milandu inasiya kumupweteka. Bambowo sankanamizira. Anali ataiwaladi.

"Nambala faifi yomweyi, bambo," anatero mayiwo, mawu awo osakwera. "Nthawi imeneyo zipinda zinali zisanu, inu muli ndi tsitsi. Ndinalowamo ndi makina amene anandisiyira malemu mayi anga. Ndinadwala, ndinatsalira miyezi itatu. Munalowetsa kalata. Munachotsa babu. Munagulula chitseko. Tsiku lachitatu makina munagulitsa kwa mmwenye wa pakona, munati ndalama yake yangokwana lendi. Nditasowa kolowera munatuma alongo anu kudzandiuza kuti m'nyumba yaikulu muli malo."

 

"Ndinakusunga," anatero a Zitseko. "Zaka makumi atatu sunalipirepo lendi. Zimenezo n'zakale."

"Makumi atatu ndi chimodzi," anatero mayiwo. "Mlandu suola, bambo."

* * *

Sajeni anatsegula kabuku kake n'kuwaitanira a Zitseko pambali, pamthunzi wa mpanda. Analankhula mosakweza mawu, monga ankalankhulira ndi aliyense, wakuba kaya woberedwa.

"Ndili ndi njira ziwiri zolembera, bambo. Yoyamba: katundu wa munthu wa lendi wapezeka m'chipinda chanu chokhoma, kiyi wake ali m'chiuno mwanu, wogula munamuitana nokha, kwa wapolisi munanama, ndipo chitseko munagulula popanda chikalata cha khothi. Imeneyo tikamalizira kusiteshoni, mayi a pakhomo akafotokozenso zonse zija pamaso pa akuluakulu anga."

"Yachiwiri?"

"Katundu anasungidwa ndi mnansi, wapezeka, wabwezedwa. Chitseko chibwerera lero, babu ndi mpopi chimodzimodzi. Lendi yanu ndi yanu, palibe akukulandani. Mayiyu alemba pamaso panga kuti Lachisanu alipira miyezi iwiri, wotsalawo kumapeto kwa mwezi. Akalephera, mupite kukhothi ngati anthu ena onse, akakupatseni tsiku."

A Zitseko anayang'ana kugeti. Wogula uja anali atalizitsa kale njinga yake, katoni ili gwedegwede kumbuyo.

"Lembani yachiwiri," anatero.

Chitseko anachisenza okha, mlonda atakana kuwathandiza ponena kuti msana wake uli ndi ngongole ya miyezi iwiri. Anachiimika pafelemu, n'kugwada ndi sikuludiraiva yawo. Masikulu amene m'mawa anatuluka ndi nyimbo ya kutchalitchi tsopano ankalowa mwakachetechete, ndipo ina inkangozungulira m'bowo osagwira.

M'katimo telala anali atabwezeretsa mutu wa makina patebulo, akukoka lamba kuti akwere pagudumu. Ankawerenga chapansipansi: malaya makumi awiri ndi awiri, masiku awiri ndi theka, tsiku la lero lapita pachabe. Lamba ankangoterereka.

"Sindimaliza," anatero, osauza munthu aliyense. "Ngakhale nditapanda kugona."

Mayi a pakhomo anali ataima pakhomo ndi shiti yawo yopindidwa. Anawalambalala amuna awo, n'kulowa, n'kuika shitiyo pabedi. Anagwira lamba ndi zala ziwiri, n'kuzunguza gudumu kamodzi, lamba n'kukwera yekha.

"Iwe dula ndi kuika mabatani, mwanawe," anatero. "Makolala undisiyire ine."

Anavula patapata, n'kukhala pampando, n'kuika phazi pachopondera. Makina anayamba kulira mofatsa, osaima, ndipo mlonda, amene anali akulowa m'chipinda chake, anatembenuka n'kumugwedezera mutu Sajeni kuti ndi kulira komwe kuja.

A Zitseko anamanga sikulu yomaliza n'kudzuka, mawondo akulira. Anayesa chitseko, chinayenda. Anaima pakhomopo akuyang'ana msana wa akazi awo.

"Mayi," anatero, ulemu utabwerera, "nthawi yapita. Ine sindinadye chichokereni m'mawa."

Makina sanaime.

"Mwamaliza, bambo?" anafunsa mayiwo osacheuka. "Mutitsekere. Mphepo ikuuluza ulusi."

A Zitseko anayang'ana Sajeni, koma Sajeni anali akulemba. Anakoka chitseko chawo pang'onopang'ono mpaka chinati khethe, iwo ali kunja, makiyi onse a pa ploti ali m'chiuno mwawo.